Funsani za Makompyuta: nambala yeniyeni ya kompyuta yanga ndi iti?

Moni a pa tsamba lino. Mwezi uno makalata achuluka ochokera kunyanja konkuno, Salima ndi Nkhotakota, ndipo angapo akuzungulira pa nkhani imodzi ngakhale aliyense wabwera nayo mwa njira yake, yoti pulogalamu ingadziwe bwanji makina omwe ikuyendapo, kaya ndi Windows yanji, kaya mkatimo muli zotani, kaya nambala yake ndi iti. Ndayamba ndi kalata ya mnyamata wa ku Senga Bay chifukwa yandikhudza, zomwe zamuonekerazo ndi zomwe zimagwetsa ulesi ana ambiri amene angoyamba kumene kudya thukuta lawo.

FUNSO: Achimwene, ine ndinaphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, pandekha usiku ndi usiku pa foni. Ndinapanga kapulogalamu kolembera mpunga pa chigayo, kamalemba matumba olowa, makilo, dzina la wopunthitsa ndi ndalama zomwe walipira. Bambo ena a chigayo ku Lifuwu anakagula, ndiye poopa kuti angokopera anzawo pa flashi ndinakamangirira ku nambala ya laputopu yawo, ndinagwiritsa ntchito uuid.getnode() yomwe ndinaona pa intaneti. Sabata ziwiri zinayenda bwinobwino, yachitatu akundiimbira mmamawa kuti pulogalamu ikukana ikuti kompyuta iyi si yake, pomwe laputopu ndi yomwe ija, anthu ali pa mzere ndi matumba awo. Ndinakwera kabaza mpaka konko ndinakapeza nambala yasinthadi. Nanga nambala ya kompyuta imasintha bwanji? Ndipo yeniyeni yosasintha ndi iti? Wa Python, Senga Bay.

YANKHO: Mphwanga, choyamba ndikuyamike, pulogalamu yako ikugwira ntchito pa chigayo chenicheni ndipo munthu anatulutsa ndalama yake kuigula, zimenezo si zocheza ayi. Koma nambala unatengayo si ya kompyuta. uuid.getnode() imakupatsa MAC address, yomwe ndi nambala ya kachipangizo kolumikizira netiweki, ndipo laputopu imodzi imakhala ndi tizipangizo totere tingapo, ka Wi-Fi, ka polowa chingwe, ka Bluetooth, ndiye ukalumikiza foni pa USB kuti igawe intaneti Windows imaona kuti kabwera kena katsopano ndi nambala yakeyake. Ukayika VPN kapena VirtualBox nazonso zimabwera ndi tawo. Python ikapeza tambiri imangotolapo kamodzi, siilonjeza kuti ndi kati, ndipo ikalephera kupeza kalikonse imapeka nambala nkukupatsa osakuuza kuti yapeka. Ukawafunsa bwino bambo a chigayowo mwina akuuza kuti dzulo lake analumikiza foni kuti atumize lipoti pa WhatsApp, kapena mwana wawo anagwiragwira mu Wi-Fi. Mu Windows 10 ndi 11 muli malo olembedwa Random hardware addresses, akayatsidwa amenewo MAC ya Wi-Fi imasinthidwa dala kuti munthu asamatsatidwe kulikonse kumene walumikiza.

Tsono funso lako lachiwiri lija, yankho lake ndi loti nambala imodzi yotero palibe. Kompyuta ilibe chiphaso chimodzi ngati cha unzika tili nacho mthumbachi. Ganizira njinga yamoto unakwera popita ku Lifuwu ija, felemu ili ndi nambala yake, injini ili ndi yake, kumbuyo kuli nambala ya pamsewu, ndipo chilichonse mwa zimenezi chikhoza kusinthidwa kwa makanika mwini wake nkumaitchabe njinga yake yomwe ija. Kompyutanso ndi chimodzimodzi, manambala alimo ambiri, aliyense ali ndi tsiku lake lomwe adzakukhumudwitse, ndiye ntchito yako ndi kudziwa kuti ameneyu amasintha pakachitika chiyani.

Woyamba amene anthu amathamangira ndi MachineGuid. Amakhala mu registry, kaundula momwe Windows imasunga makonzedwe ake, pa HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Microsoft\Cryptography, ndipo mu Python umamuwerenga ndi winreg osafunika kuyika china chilichonse. Ameneyu amapangidwa tsiku loyika Windows, foni kapena Wi-Fi sizimukhudza, koma laputopu ikangopita kukafomatidwa wapita, kwabwera wina. Ndipo ukudziwa mmene timakondera kufomata kuno, kompyuta ikangoyamba kuchedwa mankhwala ake ndi omwewo. Chenjeranso pamenepa, ngati Python yako ndi ya 32-bit pa Windows ya 64-bit, Windows imakulowetsa chipinda china cha registry chotchedwa WOW6432Node komwe ukhoza kupeza kulibe kanthu, ndiye potsegula uziwonjezera KEY_WOW64_64KEY.

Olimba kuposa pamenepo ndi amene amalembedwa ku fakitale pa motherboard, bolodi lalikulu la mkati lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Muli kabuku kakang'ono mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yodzutsa kompyuta, kotchedwa SMBIOS momwe wopanga amalembamo dzina lake, mtundu wa makinawo, siriyo nambala ndi UUID, nambala yaitali yomwe siiyenera kufanana ndi ina iliyonse, ndipo zimenezi ngakhale ufomate kakhumi sizichoka. Pa Windows umazifunsa kudzera mu PowerShell, kawindo kolembamo malamulo, lemba Get-CimInstance Win32_ComputerSystemProduct uona UUID, lemba Get-CimInstance Win32_BIOS uona SerialNumber. Pa Dell siriyo imeneyi ndi yomwe ija ya zilembo ndi manambala 7 imamatidwa kunsi kwa laputopu, amaitcha Service Tag. Mu pulogalamu yako uziitana PowerShell ndi subprocess, ndipo uike CREATE_NO_WINDOW kuti kawindo kakuda kasamaphethire pamaso pa kasitomala. Pa intaneti upeza zitsanzo zambirimbiri zogwiritsa ntchito wmic, njira yakale yofunsira zomwezi, usazitsate, Microsoft inalengeza kale kuti ikuisiya ndipo pa Windows 11 24H2 yongoyikidwa kumene ukhoza kuipeza kulibe, tsiku lina pulogalamu yako idzangogwa pa laputopu yatsopano iwe uli kutali.

Koma nawonso a pa motherboard ali ndi zawo. Tsiku lina ndinali pa tebulo la mnzanga wokonza makompyuta pa Kamuzu Road, anabweretsa laputopu yomwe inapsa mvula ya mphenzi itagwa, iye anachotsa motherboard mu ina yosweka sikirini nkuika mmenemo. Titayatsa ndinatembenuza laputopu ija kuwerenga pepala lomata kunsi, kenako ndinafunsa BIOS, manambala awiri osiyana kotheratu, pomwe kwa mwini wake ndi laputopu yake yomwe ija, zomata za mwana wake zili pachivundikiro, mafayilo ake onse alimo. Ukanakhala kuti unamangirira pa siriyo yokha, mayi ameneyo ukanamutsekera panja pa tsiku lomwe wangolipira kumene ndalama zokonzetsa. Vuto lina ndi la makompyuta olumikiza pamanja ndi ena otchipa, ukafunsa siriyo amakuyankha kuti To Be Filled By O.E.M. kapena Default string, kutanthauza kuti wopangayo amayenera kulembapo koma sanalembe, ndipo pali UUID ina yotchuka, 03000200-0400-0500-0006-000700080009, yomwe imapezeka pa ma motherboard ambirimbiri padziko lonse. Ukaona zoterezi uzitenga ngati sunapeze kanthu.

Disiki nayo ili ndi manambala awiri omwe anthu amawasokoneza. Ukalemba vol mu cmd, kawindo kakuda ka malamulo, imakuonetsa kanambala kafupi ka zilembo 8 kokhala ndi kamzere pakati, ameneyo amabadwa pofomata ndipo amafa pofomata. Siriyo yeniyeni ya ku fakitale ili mu Win32_DiskDrive, imakhala mpaka tsiku lomwe achotse hard disk nkuika SSD, zomwe masiku ano aliyense akuchita. Ndipo wina asakunamize za ProcessorId. Dzinalo limamveka ngati ndi siriyo ya processor, ubongo wa kompyuta, koma si choncho, ndi manambala ofotokoza mtundu wake ndi zomwe imatha, ndiye ma laputopu khumi a mtundu umodzi akupatsa ProcessorId imodzimodzi. Intel inayesapo kuika siriyo yeniyeni mu Pentium III mu 1999, anthu anakwiya kwambiri poopa kuti azitsatidwa pa intaneti, ndipo pofika pa Pentium 4 inali itachotsedwa.

Ndiye ine ndikanakhala iwe ndikanatere. Tenga atatu, UUID ya motherboard, siriyo ya disiki ndi MachineGuid. Aliyense payekha umudutsitse mu hashlib.sha256, yomwe imamusandutsa zilembo zosokonekera, kuti usasunge manambala a munthu poyera, usunge zotulukazo. Pulogalamu ikamatseguka izifananiza, awiri mwa atatu akagwirizana itseguke ndipo ilembe watsopanoyo mwakachetechete. Akafomata, motherboard ndi disiki zikadali zomwezo, yatseguka. Akasintha motherboard koma disiki ndi Windows yake nkukhala zomwezo, yatseguka. Akakopera pa flashi kupita nayo pa laputopu ya mnzawo ku Chipoka, atatu onse asiyana, apo ndiye ifunse kiyi. PowerShell imachedwa kudzuka pa laputopu ya RAM ya 4GB, ndiye uzifunsa kamodzi potsegula basi, osati pa thumba lililonse lolowa.

Ndipo ichi ndikupempha ndithu, ngakhale manambala onse asiyane pulogalamu isatseke pomwepo. Ionetse uthenga wachikasu pamwamba woti lumikizanani ndi wopanga, pali kanambala kafupi koti atumize pa SMS iwe nkubweza kiyi, koma izigwirabe ntchito kwa masiku angapo, ndipo zomwe analemba kale aziziona nthawi zonse, ndi mabuku a bizinesi yawo amenewo si ako. Mmawa uja anthu anali pa mzere ndi mpunga wawo padzuwa la ku Lifuwu, amene anavutika si wakuba ayi koma munthu amene anakulipira. Powerenga masikuwo usadalire wotchi ya kompyuta, ma laputopu akale ambiri kabatire kawo ka mkati kanatha, kaja kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kawirikawiri CR2032, ndiye magetsi akazima batire lalikulu nkutha deti imabwerera zaka zambuyo. Uziwerenga kuti yatsegulidwa kangati. Dziwanso kuti pulogalamu ya Python munthu wodziwa akhoza kuitsegula nkuchotsa loko wakoyo ngakhale uimange kukhala exe, loko ameneyu ndi woletsa kukoperana wamba basi, chomwe chidzawasunge bambo aja kwa iwe ndi choti akaimba foni umayankha ndipo umabwera.

FUNSO: Bambo, ine ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta pa boma pano. Ndinagula laputopu ku Lilongwe, wogulitsa anati ndi Core i5 ya Windows 11. Mlongo wanga wamng'ono amene akuphunzira za makompyuta analemba timizere titatu mu Python, platform.system(), platform.release() ndi platform.machine(), ndipo zinatuluka Windows, 10, AMD64. Iye akuti ndiye kuti si Windows 11 komanso si Intel. Kodi anandipusitsa kawiri? Mayi wa stationery, Nkhotakota.

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo kaye, pa zitatu zimenezi palibe chomwe chikuonetsa kuti anakuberani. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, dinani Enter. Kabwera kawindo konena dzina la Windows yanu ndi nambala yotchedwa build. Ikakhala 22000 kapena kuposa apo ndi Windows 11, ikakhala cha mma 19045 ndi Windows 10. Nkhani yake ndi yoti Windows 11 itatuluka mu Okutobala 2021 Microsoft siinasinthe nambala ya mkati, mpaka lero imadzitchula 10.0, chinasintha ndi build yokhayo, 22000 poyamba, kenako 22621, 22631, 26100. Python yakale ikaona 10.0 imangonena kuti 10. Ngakhale mu registry pa ProductName, Windows 11 yambiri imalembedwabe Windows 10 Pro. Mumuuze mlongo wanuyo ayese sys.getwindowsversion().build, kapena afunse Caption ya Win32_OperatingSystem yomwe imatchula dzina lonse molondola.

Khalidwe limeneli si lachilendo kwa Windows. Windows 7 mkati ndi 6.1, Windows 8 ndi 6.2, 8.1 ndi 6.3, ndipo kuyambira pa 8.1 pulogalamu ikafunsa kudzera mu GetVersionEx popanda kulengeza mu manifest yake, kafayilo komwe imadzifotokozera, kuti imaidziwa Windows yatsopanoyo, imauzidwa kuti 6.2 basi. Anachita dala chifukwa mapulogalamu ambiri akale ankati akaona nambala yomwe sakuidziwa amakana kutseguka pomwe akanatha kuyenda bwinobwino. Nchifukwa chake ndimawauza ana olemba mapulogalamu kuti ngati chomwe ukufuna ndi kudziwa kuti pulinta ilipo kapena chinthu chakuti chikutheka, yesa chinthucho mwachindunji, chikakanika uzigwira cholakwacho, usayambe ndi kufunsa version.

AMD64 ija siikutanthauza kuti processor yanu ndi ya AMD. Ndi dzina la kamangidwe ka 64-bit komwe kampani ya AMD ndi yomwe inayambitsa mu 2003, Intel nkutsatira, ndiye Windows imalemba AMD64 pa onse, Linux imati x86_64. Chimodzimodzi sys.platform imati win32 ngakhale Windows ikhale ya 64-bit.

Pomwe ndikufuna muyang'anitsitse ndi pena, pomwe ogulitsa ambiri satchula. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, dinani CPU, muona dzina lonse monga i5-8250U kapena i5-6300U. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndi m'badwo wake, 8 kapena 6, ndipo ikakhala ya manambala asanu monga i5-10210U awiri oyambawo ndiwo m'badwo wake, apa ndi wa 10. Mawu oti Core i5 paokha sanena zambiri, i5 zinayamba kutuluka mu 2009. Windows 11 mwalamulo lake imafuna pafupifupi Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi RAM yosachepera 4GB, koma alipo amene amaikakamiza pa makina akale. Imayenda ndithu, mukhoza kutaipa ndi kupulinta popanda vuto, kungoti Microsoft siilonjeza ma update pa makina otere, ndipo mtengo wake sumayenera kufanana ndi wa yatsopano. Kubwerera ku Windows 10 nakonso si kothawira kwenikweni chifukwa chithandizo chake cha nthawi zonse chinatha pa 14 Okutobala 2025. Mlongo wanuyo akafuna dzina limeneli mu pulogalamu asadalire platform.processor(), pa Windows imatulutsa za Family ndi Model ndi Stepping zomwe inu simungazimve, afunse Name ya Win32_Processor.

FUNSO: Akulu, ndine mphunzitsi woyang'anira chipinda cha makompyuta pa sekondale ina kuno. Tili ndi makompyuta a pa tebulo omwe tinapatsidwa, ena ali ndi Windows ena Ubuntu. A hedi akufuna kaundula wa zonse chifukwa tikukayikira kuti RAM ikumasowa mkati. Ndinalemba ka script koyenda nako pa flashi, koma makompyuta asanu akutulutsa MachineGuid imodzimodzi, ndipo pa Ubuntu siriyo ikukana kuwerengeka. Ndalakwitsa pati? Mphunzitsi, Dwangwa.

YANKHO: Aphunzitsi, simunalakwitse, script yanu yanena zoona. Amene anakonza makompyutawo asanakupatseni ayenera kuti anayika Windows pa imodzi nkukopera disiki yonse ku zinazo, ndi njira yachangu yomwe aliyense wokonza makina ambiri amagwiritsa ntchito, ndiye zonse zinatengera MachineGuid ya mayi wawo. Pa Ubuntu zimachitikanso ndi fayilo ya /etc/machine-id, ya zilembo ndi manambala 32, disiki ikakoperedwa nayo imapita momwemo. Pa kaundula manambala awiriwa asiyeni, si a chitsulo, ndi a zomwe zinayikidwamo.

Za Ubuntu zo ndi chilolezo chabe. Ubuntu ndi mtundu wa Linux, ndipo Linux imaika za SMBIOS mu foda ya /sys/class/dmi/id, fayilo iliyonse ndi chinthu chimodzi. sys_vendor ndi product_name aliyense akhoza kuwerenga, koma product_serial ndi product_uuid ndi za root yekha, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse, anatseka dala kuti pulogalamu iliyonse isamangotola. Yendetsani script yanu ndi sudo, lamulo lokupatsani mphamvu za root, zitseguka. Dzina la Ubuntu ndi version yake zili mu /etc/os-release, ndipo kuyambira Python 3.10 pali platform.freedesktop_os_release() yowerenga fayilo imeneyi. Mukaona chitsanzo cha platform.linux_distribution() chidutseni, inachotsedwa mu Python 3.8. platform.release() pa Linux imakupatsani nambala ya kernel, mtima wa Linux, osati ya Ubuntu, ambiri amasokonezeka pamenepa.

Tsono pa RAM, pomwe pali nkhawa yanu yeniyeni. Musangolemba kuchuluka kwake konse, lembani kamtengo ka RAM kalikonse pakokha. Pa Windows funsani Win32_PhysicalMemory, ikupatsani Capacity, Manufacturer, PartNumber ndi SerialNumber za kalikonse ndi malo omwe kalowa, pa Ubuntu lembani sudo dmidecode -t memory. Ubwino wake ndi woti munthu akachotsa ka 4GB nkuikapo kena ka 4GB kakufa pang'ono kapena kochedwa, chiwerengero chonse sichisintha koma siriyo isintha. Ndipo musanaloze chala mwana aliyense kapena mlonda dziwani izi, kompyuta ya RAM ya 4GB imatha kuonetsa 3.8 kapena 3.9 chifukwa gawo lina latengedwa ndi za zithunzi, ndipo Windows ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito 4GB yonse, imathera pa 3 ndi kenakake. Ndaonapo mwana akuimbidwa mlandu wa RAM yomwe inali mkati momwemo chikhalire, zinandipweteka mtima, ndiye tsegulani bokosi muone ndi maso musanapite nayo nkhani kwa a hedi.

Chomaliza, gulani penti kapena cholembera chosafufutika, lembani nambala ya sukulu pa bokosi lililonse, PC01, PC02 mpaka yomaliza, ndipo dzina la kompyuta mkatimo mulisinthe lifanane ndi nambalayo kuti platform.node() izitulutsa zomwe zili pa bokosi. Script izilemba mzere umodzi mu fayilo ya CSV, deti, nambala ya pa bokosi, siriyo ya BIOS, disiki, timitengo ta RAM. Muziyendetsa potsegulira teremu ndi potsekera, kope imodzi pa flashi yanu ina yopulinta mu ofesi ya a hedi.

FUNSO: Achimwene, ndikupanga app ya Android ya gulu lathu la banki mkhonde la amayi ogulitsa usipa. Ndikufuna foni iliyonse izidziwika ndi IMEI, nambala yake ya ku fakitale, kuti wina asalowe ndi dzina la mnzake, koma ndikaifunsa app ikungotseka. Pa foni yakale ya agogo ikutheka. Mlembi wa gulu, Chia.

YANKHO: Achemwali, foni ya agogoyo iyenera kuti ili ndi Android 9 kapena yakale kuposa apo. Kuyambira Android 10, yomwe inatuluka mu 2019, app wamba siiloledwanso kuwerenga IMEI kapena siriyo ya foni ngakhale mwini foni avomere, mukafunsa mumalandira SecurityException ndiye kutseka mukukuonako. Munthu akhoza kuiona yekha podina *#06#, koma app ayi. Ndipo ngakhale ikanatheka siikanakuthandizani, mafoni athu ambiri a Tecno ndi itel ndi a ma SIM awiri, IMEI zimakhalanso ziwiri, komanso mmagulu mwathumu foni imodzi amagwiritsa ntchito anthu awiri atatu, mayi ndi mwana wake, kapena amabwereka ya mnzawo yawo ikathera moto kunyanja.

Ilipo ANDROID_ID yomwe mukhoza kuwerenga popanda chilolezo, kuyambira Android 8 app iliyonse imaona yakeyake malinga ndi kiyi yomwe inasainidwira, ndipo imasintha foni ikafufutidwa yonse. Koma chomwe mukufuna kudziwa inu ndi munthu osati foni. Mayi aliyense akhale ndi PIN yake pamodzi ndi nambala yake ya foni, app ikatsegulidwa koyamba izipanga yokha UUID nkuisunga, ndipo wina akalowa pa foni yachilendo inu alembi kapena asungichuma muzivomereza kaye. Build.MANUFACTURER, Build.MODEL ndi Build.VERSION.SDK_INT ndi zotseguka, zimathandiza mayi akadandaula kuti app ikuvuta mudziwe kuti ndi foni yanji, kungoti MODEL imatulutsa dzina la ku fakitale, Galaxy A12 ikhoza kuoneka ngati SM-A125F. Kumbukiraninso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA. Maina, manambala a foni ndi ngongole za amayiwo ndi zinthu zawo, auzeni pa msonkhano zomwe app ikusunga ndi chifukwa chake, ndipo zomwe simukuzifuna musatole.

FUNSO: Webusayiti ya malo athu ogona alendo ikuonetsa kuti palibe ngakhale mmodzi wa Windows 11 amene anaitsegula, ndipo mafoni ambiri akuti Android 10. Zoona zimenezi? Wa ku resepishoni, Salima.

YANKHO: Ayi achimwene, alendo anu a Windows 11 alipo, abisala mu chiwerengero cha Windows 10. Kauthenga komwe browser imatumiza podzitchula, kotchedwa User-Agent, anakaumitsa dala kuti anthu asamazindikirike mosavuta. Windows 11 imalemba Windows NT 10.0, Mac zatsopano zimalembabe 10_15_7, ndipo Chrome ya pa foni imalemba Android 10 ndi chilembo K mmalo mwa dzina la foni, kaya foniyo ndi ya chaka chino. Pa Chrome ndi Edge wokupangirani webusayiti akhoza kufunsa platformVersion kudzera mu navigator.userAgentData, ikakhala 13 kapena kuposa ndi Windows 11, koma Firefox ndi Safari zilibe zimenezi. Pa ntchito yanuyo chofunika ndi kukula kwa sikirini ndi kulemera kwa zithunzi, tengani foni ya itel ya mlonda wanu, imani nayo pa geti pomwe netiweki imavuta, tsegulani tsamba la mitengo ya zipinda muwerenge masekondi.